Msewu Ukalowa M'nkhalango: Phunziro la ku Dzalanyama

M'bandakucha uliwonse, misewu yolowera mumzinda wa Lilongwe kuchokera kumadzulo imadzaza ndi njinga zosenza matumba a makala. Ambiri mwa makalawo amachokera ku Dzalanyama, nkhalango ya boma imene ili kumalire a Malawi ndi Mozambique. Kwa munthu wa kwa Chitukula, Nsaru kapena Nambuma, nkhaniyi ingaoneke ngati yakutali. Komatu zimene zinaonongetsa Dzalanyama zayamba kale kufika pa nkhalango za m'midzi, pa manda ndi m'madambo a kunoko.

Dzalanyama inakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1922. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000 ndipo imakhudza maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'menemo, n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, komwe bungwe la Lilongwe Water Board limasungira madzi a mzinda wonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzindawu muli anthu pafupifupi 990,000. Kwa Achewa, mapiriwa ndi opatulika, pakuti mwambo umati ku Kaphirintiwa n'kumene anthu oyamba anaponda pathanthwe n'kusiya mapazi awo. M'mitengo ya mombo, tsamba ndi masuku mumakhala agwape, nguluwe, anyani, apusi ndi mbalame zosowa zimene alendo amabwera kudzaona kuchokera kutali.

Nkhalango simatha ndi nkhwangwa yokha. Chimayamba ndi njira. Munthu woyenda pansi amasenza mtolo umodzi wa nkhuni, koma lole imodzi imatulutsa matumba ochuluka pa ulendo umodzi. Galimoto kapena njinga yamoto ikadutsa pamene panalibe msewu, matayala amatsendereza nthaka mpaka madzi amalephera kulowa pansi. Mvula ikagwa, madzi amatsata mikwasa ya matayalawo, ndipo pakapita nyengo zochepa pamakhala chigwembe. Dothi lokokololokalo limakathera mumtsinje n'kukwirira damu. Phokoso la injini limabalalitsa nyama pamalo oswanirana ndi omwera madzi. Ndipo njira ikatseguka, m'mbuyo mwake mumabwera wootcha makala, wotchera misampha, woyatsa lupsa, potsiriza wolima ndi womanga.

Izi zikukhudzanso alendo opita kukasangalala. Mlendo woyenda pansi ndi womulondolera wa m'deralo amasiya ndalama m'mudzi osasiya bala m'nkhalango. Koma wothamangitsa galimoto kapena njinga yamoto m'tchire, kunja kwa misewu yovomerezeka, amalambulira njira anthu oononga ngakhale iye asanadule mtengo ndi umodzi womwe.

Zinthu zitafika poipa, m'chaka cha 2015 boma linatumiza asilikali a nkhondo kukalondera Dzalanyama. Mu 2016 nthambi ya zankhalango inayamba ntchito yobwezeretsa nkhalangoyi mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan. Komabe njinga za makala sizinaleke kutuluka, chifukwa mabanja ambiri amumzinda amaphikirabe makala ndi nkhuni, ndipo ambiri ootchawo alibe njira ina yopezera ndalama. Phunziro lake n'lakuti kutseka njira imene yazolowereka n'kovuta ndi kodula kuposa kuiletsa isanatseguke. Paja akuluakulu amati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Malamulo alipo. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo, kulima, kumanga, kusaka ndi kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Limaletsanso kuotcha makala popanda chiphaso. Litakonzedwanso mu 2020, zilango zinakula, ndipo khoti likhoza kulanda galimoto yogwidwa ndi makala osaloledwa. Lamulo loteteza nyama zakutchire, lokonzedwanso mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu. Nalo lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu yachitukuko iyambe yaunikidwa mmene idzakhudzire nthaka, madzi ndi zamoyo isanayambe.

Dera la Mfumu Yaikulu Chitukula lili pakhomo pa mzinda womwe ukukula mofulumira. Mafakitale a ku Kanengo, bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi ndi msewu wa M1 zakweza mtengo wa malo, ndipo ofuna mapuloti, mchenga, miyala ndi nkhuni zootchera njerwa akuchuluka. M'midzi yambiri, mitengo yachilengedwe yatsala pa manda ndi pa nkhalango ya mudzi pokha. Timalo timeneti n'tochepa, koma ndimo mobisala akalulu, nkhwali, akadzidzi ndi njuchi zothandiza mbewu kubereka. Ndimo mochokera bowa, masuku ndi mankhwala azitsamba. Nalo dambo limasunga madzi a zitsime ndi madimba m'chilimwe. Lole ya mchenga ikazolowera kulowa m'dambo, magombe amagumuka ndipo zitsime zimaphwa msanga.

Chitukuko sichikukanidwa. Misewu, sukulu ndi misika n'zofunika, koma zili ndi malo ake. Mudzi uli ndi mphamvu, kudzera kwa nyakwawa ndi komiti yoona zachilengedwe, yoika malire a nkhalango yake, kuilembetsa ku ofesi ya zankhalango ya boma lino, ndi kupanga malamulo oletsa magalimoto ndi njinga zamoto kulowamo. Nkhani ya malo a onse iyenera kukambidwa poyera m'komiti ya chitukuko ya mudzi ndi ya dera, khansala ndi mfumu ali pomwepo, pangano lisanasainidwe. Woona njira yatsopano ikutsegulidwa m'nkhalango kapena m'dambo adziwitse mlangizi wa zankhalango kapena apolisi msanga.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo midzi ikulimbikitsidwa kukonzeratu mbande. Koma mtengo wa mombo umatenga zaka zambiri kuti ukule, choncho ntchito yoyamba ndiyo kusunga umene waima kale.