Timipeni ta m'Thupi Timene Timaulula Mdani

Mapuloteni onse, kaya a m'nyemba, a m'nsomba kapena a m'thupi la munthu, ali ngati mikanda yotungidwa pa ulusi. Mkanda uliwonse akatswiri amautcha amino acid. Tsono m'thupi muli timipeni tosaoneka ndi maso, totchedwa aminopeptidase, timene timadula mikandayi umodziumodzi kuyambira ku nsonga imodzi yokha ya ulusiwo. Tina tili m'matumbo aang'ono kumene timatsiriza kugaya chakudya. Koma ntchito yozizwitsa koposa imachitika m'kati mwa maselo.

Kachilombo kakaloŵa m'selo, asilikali a m'thupi sangakaone pakuti kabisala. Chimene selo limachita ndi kuphwanya ena mwa mapuloteni a m'kati mwake, a kachilomboko omwe, ndi kuyalika tizidutswa take kunja kuti asilikali odutsa aone. Iwo akaona kachidutswa kachilendo amapha selo lonselo. Komatu poyalikapo ndi pochepa: kaŵirikaŵiri pamangokwana kachidutswa ka mikanda 8 mpaka 10. Nanga totalika amatidula ndani?

Yankho linapezeka m'chaka cha 2002, pamene magulu a ofufuza a ku America, limodzi mwa iwo lotsogozedwa ndi Nilabh Shastri ku Berkeley, anaonetsa kuti wodulayo ndi kampeni kotchedwa ERAP1. Kampenika kali ngati telala wodziŵa muyeso. Kamadula mofulumira ulusi ukakhala wautali, koma ukafika pa mikanda 8 kapena 9 kamaleka. Pakapanda iko, asilikali amaonetsedwa tizidutswa tosiyana ndi ta masiku onse.

Si anthu onse amene anabadwa ndi kampeni kofanana. M'chaka cha 2007 kunadziŵika kuti mitundu ina ya ERAP1 imayenderana ndi nyamakazi ija youmitsa msana, ankylosing spondylitis, imene imayamba munthu akali wachinyamata, chitetezo cha thupi chitatembenukira mwini wake.

Kampenika kali ndi mbale wake, ERAP2, amene nkhani yake inafika mpaka kumanda. M'chaka cha 2022 ofufuza anafalitsa zimene anapeza atapima mafupa a anthu a ku London ndi Denmark amene anamwalira mliri wa Black Death wa m'ma 1340 usanafike, uli m'kati ndiponso utatha. Iwo anati anthu amene anatengera ERAP2 yogwira ntchito kwa makolo onse aŵiri ndiwo ankapulumuka kwambiri. Akatswiri ena atsutsa zimenezi, ponena kuti umboni wake ngwosakwanira, ndipo kukayika kwawo nkoyenera kukumvera, pakuti mafupa opimidwawo anali ochepa poyerekeza ndi miyandamiyanda imene mliriwo unasesa. Chodziŵika bwino nchakuti mtundu womwewo wa ERAP2 umaonjezera ngozi ya nthenda yotupitsa matumbo ya Crohn mwa anthu amene ali moyo lero.