Mneni "borrow": tanthauzo, kagwiritsidwe ntchito ndi chiyambi chake

M'matauni a migodi a m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, monga Shurugwi, Zvishavane ndi Kwekwe, muli mabanja omwe makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito. M'makomo ena mwa amenewa Chichewa chikulankhulidwabe, ndipo malamulo oyendetsera dzikolo a 2013 adachiika pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Mphunzitsi wa Chingerezi kumeneko amamva kawirikawiri chiganizo chakuti "Borrow me your pen." Kungochonga kuti n'cholakwika sikuthandiza ngati sitidziwa gwero lake.

M'Chichewa, mneni "kubwereka" amayenda mbali ziwiri. "Ndabwereka khasu kwa amalume" akutanthauza kuti ndalandira, pomwe "Amalume andibwereka khasu" akutanthauza kuti iwo ndiwo apereka. Chingerezi chimagawa ntchitoyi pawiri: wolandira amagwiritsa ntchito "borrow", wopereka "lend". Ophunzira a ku China nawonso amasokonezeka pomwepa, chifukwa mneni wawo "jiè" amaimira zonse ziwiri. Choncho wophunzira wanu si mbuli, akungotsata lamulo la chilankhulo chake.

"Borrow" adachokera ku mawu a Chingerezi chakale akuti "borgian", omwe tsinde lake "borg" linkatanthauza chikole. Wopereka chikole ndi amene akutenga chinthu ndi lonjezo lodzabweza. N'chifukwa chake mwininkhani wa "borrow" amakhala wolandira nthawi zonse.

Phunzitsani mneniyu pamodzi ndi mperekezi wake: "borrow from", "lend to". Onetsaninso kuti "lend" amalola munthu kukhala pamtherankhani, monga "Lend me your pen", pomwe "borrow" salola. Yambirani pa zomwe ophunzira akudziwa kale: kukongola ndi kukongoza m'Chichewa, kapena "kukwereta" ndi "kukweretesa" m'Chishona. Awiriawiri amenewa amasiyana monga momwe "borrow" amasiyanira ndi "lend".

Nkhaniyi siithera pa mayeso a ZIMSEC kapena MANEB. Wophunzirayo akadzakula adzasaina mapepala a ngongole okhala ndi mawu akuti "borrower" ndi "lender", ndipo ayenera kudziwa mbali yomwe ili yake.

Ntchito: Lembani ziganizo zisanu za m'chilankhulo cha ophunzira anu zokhala ndi mneni wobwereka. Pa chilichonse, funsani kuti: chinthucho chikuchoka kwa yani, chikupita kwa yani? Akayankha, asankhe okha mneni wa Chingerezi woyenera.