KUGULA MPHATSO PA DOKO LA DAR ES SALAAM

Munthu akacoka pa mudzi kunka ku dziko lakutali, abale ace samyembekeza kuti abwere cimanjamanja. Ana amamcingamira ku njira namlandira katundu, akazi ace amayang'ana mtolo, ndipo apongozi, ngakhale sanena kanthu, amadziwa m'mtima ngati akumbukiridwa kapena aiwalika. Mwambo umenewu sunathe ai, ngakhale m'makomboni a ku migodi. Cotero munthu wa ku Kitwe, ku Mufulira kapena ku Chingola amene apita ku Dar es Salaam pa chuthi kapena pa nchito, asenza udindo waukulu. Ndarama zace anazipeza ndi thukuta pansi pa mgodi, koma zikhoza kutha tsiku limodzi pa zinthu zacabe. Nkhani ino ifotokoza zimene zigulidwa m'mzinda umenewo, kumene zipezeka, ndi macenjera ofunika kwa wogula.

MZINDA NDI NJIRA YACE

Dar es Salaam ndiwo mzinda waukulu koposa m'dziko la Tanzania, ndipo uli m'mphepete mwa Nyanja ya India. Anauyamba ndi Majid bin Said, mfumu ya ku Zanzibar, m'zaka za m'ma 1860, ndipo dzina lace ndi la Ciarabu, kutanthauza kuti nyumba ya mtendere. Likulu la boma tsopano liri ku Dodoma, koma malonda anatsala ku doko.

Dziko la Zambia liribe gombe la nyanja yamcere. Azungu a ku Rhodesia atadzilengeza okha ufulu m'caka ca 1965, njira ya kumwera inabvuta, ndipo maso a anthu anatembenukira kumpoto ca kum'mawa. M'caka ca 1968 anatsiriza mpope wa mafuta wa TAZAMA wocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Pambuyo pace, kuyambira 1970 kufikira 1975, anamanga njanji ya TAZARA ndi cithandizo ca dziko la China. Utali wace ndi makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi. Mkuwa wambiri wa ku migodi wakhala ukuturukira pa doko limeneli, ndipo kumene kupita mkuwa, anthu nao atsata. Onse a pa njanji ndi a pa mseu amaoloka malire pa Nakonde ndi Tunduma.

KARIAKOO NDI NSARU ZACE

Mlendo ali yense ayamba kumva za Kariakoo. Dzinali linacokera ku mau a Cingerezi akuti Carrier Corps, ndilo gulu la amtengatenga a pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amene anali ndi msasa pamenepo. Makolo ambiri a ku Zambia ndi ku Malawi anasenza nao katundu pa nkhondo yomweyo. Nyumba yaikulu ya msika inapsa ndi moto m'caka ca 2021; ngakhale zinatero, malonda a m'miseu yozungulira sanaleke. Masitoro ali mizeremizere, ndipo anthu apanikizana ngati nyerere pa fupa.

Mphatso yoyamba imene amuna ambiri afuna ndiyo nsaru. Ziripo za mitundu iwiri, citenje ndi kanga. Citenje acidziwa ali yense. Kanga ndi nsaru yopepuka ya thonje, utali wace ngati mita imodzi ndi theka. Iri ndi mpendero kuzungulira mbali zonse zinai, maluwa pakati, ndi mau a Ciswahili olembedwa m'munsi. Kanga agulitsa ziwiriziwiri zosadula, pakuti mkazi wa ku gombe abvala imodzi m'cuuno, inzace nafunda kumutu kapena kuberekera mwana. Wogula imodzi yokha wagula theka la mphatso.

Koma cinthu cacikulu pa kanga ndi mau aja. Ena ndi odalitsa, ena ndi oyamika amai, ena ndi a cikondi. Koma enanso ndi mau okuluwika onyoza mkazi mnzace wa pa mitala kapena mnansi wamiseche. Akazi a Ciswahili amalankhulana ndi nsaru zimenezi osatsegula pakamwa. Tsono munthu wosadziwa Ciswahili akhoza kusankha kanga cifukwa ca kukongola kwa maluwa, napatsa apongozi ace mau a cipongwe. Ku migodi kuli anthu ambiri akumva Ciswahili, ndipo sipapita masiku asanawamasulire. Safunsa anadya phula: wogula ayenera kufunsa tanthauzo la mau asanapereke ndarama.

Ubwino wa nsaru udziwika ndi manja. Nsaru zina aziumitsa ndi sitaci kuti zioneke zocindikala. Munthu akafikisa pa ngodya, ufa ugwa ndipo nsaru itsala yopyapyala. Citenje cabwino cioneka mtundu wace mofanana mbali zonse ziwiri, koma cosalimba cimakhala cotuwa kumbuyo.

ZOSEMA ZA AMAKONDE

Ku Mwenge, kumpoto kwa mzinda, kuli msika wa amisiri osema. Ambiri a iwo atsata luso la Amakonde, mtundu wa anthu okhala tsidya lino ndi tsidya lija la mtsinje wa Ruvuma, kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Zosema zao zochuka ziri za mitundu itatu. Binadamu ndizo zifanizo za anthu ali pa nchito zao, monga mkazi wosenza mtsuko kapena nkhalamba yosuta kaliwo. Shetani ndizo zifanizo za mizimu, zopindikapindika ndi zoopsa maonekedwe. Ujamaa ndico cipika cimodzi cimene asemapo anthu ambiri okwerana ndi ogwirana, kusonyeza mbumba yonse kuyambira pa kholo. Cosema ca mtundu wotsirizawu cikhoza kumtengera mmisiri miyezi.

Mtengo umene asema auchula mpingo m'Ciswahili, ndiwo phingo. Kunja kwace ndi koyera, koma mtima wace ndi wakuda bii, wolimba ndi wolemera kotero kuti umamira m'madzi. Umakula pang'onopang'ono, ndipo papita zaka makumi ambiri usanafike pa msinkhu wakudula. Amisiri a ku Ulaya nao aufuna kuti apangire zitoliro za nyimbo. Cifukwa ca ici phingo ndi wodula, ndipo onyenga asema mitengo yofewa naidetsa ndi polishi wa nsapato. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kunyezimira sikusonyeza kanthu, pakuti ngakhale phingo weniweni amampukuta. Mboni zace ndi ziwiri: kulemera kwa cinthuco m'dzanja, ndi maonekedwe a pansi pace. Munthu akakanda pang'ono kunsi napeza kuti kudako kuli pamwamba pokha, adziwe kuti si phingo. Cosema ca mtengo wina siciri coipa ai. Coipa ndi kucilipira ngati phingo.

ZITHUNZI, ZONUNKHIRA NDI MIYALA

Mphatso yina yopepuka ndiyo zithunzi za Tingatinga. Dzinali ndi la Edward Saidi Tingatinga, amene anayamba kujambula m'mzindamo m'caka ca 1968, ndi utoto wopaka njinga pa zidutswa za matabwa a kudenga. Iye anafa m'caka ca 1972, koma ophunzira ace anapitiriza nchitoyo, ndipo bungwe lao liri ku Oyster Bay. Ajambula nkhanga, nyalugwe, mvuu ndi nyama zina ndi mitundu yowala. Zojambulidwa pa nsaru zimakulungidwa ngati mkeka. Sizipindidwa, pakuti utoto wace umasweka.

Kwa amai a pa nyumba ziripo zonunkhiritsa cakudya, monga karafuu wa ku zisumbu za Zanzibar ndi Pemba, mdalasini, iliki ndi tsabola wakuda. Ndi bwino kugula zosasinja, cifukwa mu ufa wosinjasinja wonyenga asakanizamo zina, ndipo fungo lace licoka msanga. Uliponso mtedza wa korosho wa ku Mtwara, khofi wa ku Kilimanjaro ndi ku Mbeya, ndi mikeka yoluka ndi kanjedza yamawangamawanga.

Pa za miyala ya mtengo wapatali mpofunika kudekha. Mwala wobiriwira ngati thambo wochedwa tanzanite unapezeka m'caka ca 1967 m'mapiri a Mererani, kumpoto kwa dzikolo, ndipo sukumbidwa kwina kuli konse pa dziko lapansi. Anthu a ku migodi, amene adziwa mbiri ya miyala ya emerodi ya ku Lufwanyama, adziwanso kuti pamene pali mwala wodula pali galasi lonyengera. Mwala wotere ugulidwa m'sitoro yokhala ndi cilolezo, pamodzi ndi risiti ndi kalata yocitira umboni. Woitanira mlendo kuseri kwa nyumba ndi kamwala m'kathumba safuna kumlemeretsa ai.

ZOSAYENERA KUGULA

Ziripo zinthu zimene zingasandutse mphatso kukhala mlandu. Malonda a minyanga ya njobvu pakati pa maiko analetsedwa m'caka ca 1989 ndi pangano la CITES, ndipo Tanzania ndi Zambia onse ali m'panganolo. Cigwinjiri ca mnyanga, cipeso ca cigoba ca kamba wa m'nyanja, cikopa ca nyalugwe kapena dzino la mkango zikapezeka m'katundu pa malire, mwini wace alandidwa, ndipo akhoza kulowa m'ndende. Akapita ku ndende, nchito ya ku mgodi nayo yatha. Wogulitsa amene ananena kuti palibe kanthu sadzaoneka m'bwalo la milandu. Ndiponso kuyambira caka ca 2019 Tanzania analetsa matumba a pulasitiki onyamulira katundu. Cotero wa paulendo atenge thumba la nsaru kapena dengu.

KUNENERERA MALONDA

Pa msika mtengo woyamba suli wotsiriza. Koma Aswahili salowa m'malonda asanapatsane moni. Wamng'ono anena kwa wamkulu kuti "Shikamoo," wamkulu nayankha "Marahaba." Pambuyo pace ndipo afunsa "Bei gani?" ndiko kuti, ndarama zingati; ndipo "Punguza" ndiko kuti, tsitsani. Wogula wanzeru ayamba wayenda m'masitoro atatu kapena anai osagula kanthu, kufikira adziwe mtengo weniweni. Sakwiya, sanyoza katundu, ndiponso sachula ndarama zimene safuna kupereka, pakuti wogulitsa akabvomera, kubwerera m'mbuyo ndi manyazi. Anyamata odzipereka kuperekeza mlendo, amene awachula madalali, alandira gawo lao kwa mwini sitoro, ndipo gawolo licokera m'thumba la mlendoyo.

Ndarama ya dzikolo ndi shilingi, ndipo makwaca asinthidwa ku banki kapena ku nyumba zololedwa ndi boma, osati kwa anthu oima pa mseu. Pa Cisanu masana Asilamu ambiri atseka masitoro kupita ku mzikiti, ndipo pa Sabata ambiri satsegula konse. Marisiti onse asungidwe, cifukwa a kasitomu pa Nakonde afunsa za katundu, ndipo wobisa alipira koposa woulula.

Cotsiriza ndi ici: asanacoke pa nyumba, munthu alembe maina a onse oyenera kulandira, kuyambira makolo ndi apongozi, napatule ndarama za ulendo wobwerera ndi za msonkho wa pa malire, zimene sayenera kuzikhudza. Akulu anati kupatsa n'kuika. Kanga ziwiri za mau odalitsa ndi kathumba ka karafuu zikondweretsa banja koposa cosema cacikulu cimene casiya ana opanda ufa mpaka tsiku la malipiro.