Ulemu Umene Umafooketsa Okalamba

Inu nonse amene mukutimvera ku Ntaja ndi ku Nsanama, ku Liwonde, ku Ulongwe, ku Utale ndi ku Phalula, lero tifuna kukamba za mawu awiri amene timawanena ndi mtima wabwino, komabe afooketsa makolo athu ambiri. Mawuwo ndi akuti: "Pumulani, agogo."

Tidaleredwa bwino ife. Mwana akaona mai wokalamba atasenza ndowa amathamanga kukawalandira. Akaona atate ake akuwerama ndi khasu amati, "Bweretsani kuno, bambo, inu mudagwira kale yanu." Palibe amene angadzudzule mwambo wotere, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ayenera kusamalidwa. Koma taonani chimene chimatsata. Lero tawalanda ndowa, mawa khasu, mkuja tsache. Mwana wa ku Joni watumiza ndalama ya kabaza kuti asayendenso wapansi popita ku msika. Pakutha pa chaka, agogo aja amene ankafika ku dimba dzuwa lisanatuluke angokhala pakhonde, ndipo pofuna kudzuka pamkeka ayamba kufunafuna dzanja la mdzukulu. Ife tingoti, "Ndi ukalamba." Inde, ukalamba ulipo, koma mbali ina ya kufookako tawapatsa ndife.

Minofu ya munthu ili ngati kanjira ka kumunda: anthu akaleka kupitamo, udzu umamera, ndipo kanjirako kamasowa. Madokotala adapeza kuti munthu akapitirira zaka 30, minofu yake imachepa ndi magawo 3 mpaka 8 pa 100 alionse pa zaka khumi zilizonse, ndipo akapitirira zaka 60 kuchepako kumafulumira. Mafupa nawonso amalimba chifukwa cha kulemedwa ndi kukokedwa ndi minofu. Akasowa ntchito amapepuka ndi kuyamba kuthyoka msanga, makamaka mwa amai amene adasiya kusamba. Kuchepaku sitingakuletse konse, koma liwiro lake limadalira kwambiri zimene thupi likuchita tsiku ndi tsiku.

Kuti muone kuopsa kwa kungokhala, imvani zimene zidachitika ku Dallas, m'dziko la America, m'chaka cha 1966. Madokotala adagoneka pabedi anyamata asanu athanzi, a zaka 20, kwa masabata atatu, osawalola kuyenda. Podzuka, mphamvu ya mtima ndi mapapo awo pogwira ntchito yolemetsa inali itatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena kuposerapo pang'ono. Patapita zaka 30 adawayezanso anthu omwewo, tsopano ali abambo a zaka 50, ndipo chodabwitsa chinali chakuti masabata atatu a pabedi aja adawafooketsa koposa zaka 30 za kukula. Kale pang'ono, mu 1953, dokotala wina wa ku London dzina lake Jeremy Morris adaonetsa kuti makondakitala a mabasi a nsanjika, amene ankakwera ndi kutsika makwerero tsiku lonse, sankagwidwa ndi matenda a mtima ngati madalaivala amene ankangokhala pampando m'mabasi omwewo. Dokotalayo adamvera yekha phunziro lake: ankasambira ndi kuyenda mpaka ukalamba, ndipo adamwalira mu 2009 ali ndi zaka 99.

Tikudziwa kuti wina pa Mposa kapena pa Nayuchi wayamba kale kuseka. "Zimenezo n'za anthu a m'tauni. Ife masewera athu ndi khasu." Pali zoona pamenepo. Mlimi wa mpunga ku Domasi, mlimi wa thonje ku Balaka, msodzi wopalasa bwato pa Chilwa kapena pa Chiuta safuna munthu womuphunzitsa kutuluka thukuta. Komabe tifunse: kodi khasu timaligwira miyezi ingati? Timagalauza mizere mu Okotobala, timabzala, timapalira, timabandira, timakolola. Kuchoka apo, kuyambira Juni mpaka Sepitembala, abambo ambiri achikulire ntchito yawo ndi bawo pansi pa mtengo wa mango, ndipo pa bawo chimene chimayenda ndi dzanja limodzi lokha. Ndiponso khasu limaweramitsa munthu mbali imodzi yomweyo zaka makumi asanu. Limalimbitsa manja, koma siliphunzitsa msana kuwongoka, siliphunzitsa phazi kudzigwira munthu akaterereka.

Mudzi nawo wasintha. Chigayo chidalowa m'malo mwa mtondo, mjigo udafupikitsa ulendo wa ku chitsime, njinga yamoto ikufika pakhomo penipeni. Sitikulira mtondo ai. Amai athu adavutika nawo mokwanira. Tikungonena kuti ntchito zimene zinkalimbitsa thupi mwakachetechete zikupita, ndipo palibe chimene tayika m'malo mwake. Nanga aphunzitsi, makalaliki ndi apolisi amene adapuma pantchito pa Balaka ndi pa Liwonde, amene tsiku lawo limayamba ndi wailesi ndi kutha ndi wailesi? Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Nthenda imeneyi siimba ng'oma. Imadziwika tsiku limene munthu wagwa, pakamwa papotoka, mkono ndi mwendo zafa. Kuyenda kawirikawiri kumatsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo kumathandiza thupi kugwiritsa bwino ntchito shuga wa m'magazi.

Tsono tichite zochuluka bwanji? Malangizo a WHO a chaka cha 2020 akuti munthu wa zaka 65 ndi kupitirira azichita ntchito yotenthetsa thupi pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata; azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa; ndipo masiku atatu pa sabata azichita zomuphunzitsa kuima nji osagwa. Mphindi 150 musaziope: ndi theka la ola, masiku asanu. Mulingo wake ngwapafupi. Yendani mwa ndawala kotero kuti mutha kucheza ndi mnzanu wapaulendo, koma kuimba nyimbo kukukanikani. Mukatha kuimba, onjezani liwiro. Mukalephera ngakhale kuyankha moni, chepetsani. Ndipo amene adakhala pansi nthawi yaitali ayambe ndi mphindi zisanu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Zolimbitsa minofu sizifuna chitsulo cha m'sitolo. Khalani pampando wolimba umene wayedzamira khoma, pindani manja pachifuwa, imirirani, khalaninso pang'onopang'ono osadzigwetsa; chitani kakhumi. Ngati kakhumi nkosatheka, katatu nkokwanira lero. Imani moyang'ana khoma, ikanipo zikhatho, pindani zigongono ndi kudzikankhanso. Kachigubu ka malita asanu kodzaza madzi kamalemera makilogalamu asanu. Kanyamuleni, katsitseni, musinthe dzanja. Pophunzira kusagwa, gwirani mzati wa khonde ndi kuima ndi mwendo umodzi mukuwerenga mpaka khumi, kenaka winawo. Jambulani mzere pabwalo ndi kuyendapo, chidendene chikugunda zala za phazi linalo. Koma choposa zonsezi tidali nacho kale: gule. Mai wovina likwata, bambo woponda beni, amatembenuka, amawerama, amasuntha thupi kuchoka pa mwendo uwu kupita pa uwo, ndipo amachita zonsezi akusekerera. Amene amagwada ndi kuimirira popemphera, kaya ku tchalitchi kaya ku mzikiti, nayenso mawondo ake akupindula, ngakhale sadapitire zimenezo.

Mwina mukufunsa kuti munthu wa zaka 75 avutikirenji chonchi. Tiyankhe mosabisa, mutikhululukire mawuwa. Chimbudzi cha kumudzi chimafuna munthu wotha kunjuta ndi kudzukanso yekha. Tsiku limene ntchafu zakana ntchito imeneyi, munthu amene adalera ana khumi ayamba kuperekezedwa kuseri ndi mpongozi kapena mdzukulu, ndipo manyazi ake amawadziwa yekha. Ambiri amayamba kukana madzi ndi chakudya kuti asavutitse anthu, motero amafookerafookera. Ndiye pali kugwa. Mwana akagwa amadzuka nasasa fumbi. Nkhalamba ikagwa pa bafa poterera ikhoza kuthyoka fupa la m'chiuno. Kuchokera ku mudzi wa m'mbali mwa Chiuta kukafika ku chipatala cha boma la Machinga pa Liwonde ndi ulendo wowawa kwa munthu wothyoka, ndipo pambuyo pake pamadza masabata a pamphasa, zilonda za pamsana ndi chibayo. Ngati masabata atatu adagwetsa anyamata a ku Dallas, nanga miyezi itatu idzamutani gogo?

Pali chopinga china chimene sitingachilambalale. Nkhalamba ikaoneka m'bandakucha ikuyenda yokha popanda katundu, kapena itaima ndi mwendo umodzi kuseri kwa nyumba, pakamwa pa anthu sipachedwa kutchula ufiti. M'dziko muno okalamba amenyedwa, ena aphedwa, chifukwa cha miseche yotere, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Lamulo lili apo, koma mantha akadali m'midzi. Nchifukwa chake tikuti zinthu izi zichitike poyera, masana, anthu ali awiri kapena asanu. Mdzukulu aziwerengera agogo ake mokweza. Amfumu akayamba okha pabwalo, ndani adzaseke?

Musatimve molakwa. Alipo agogo ambiri ku Machinga ndi ku Balaka amene sapuma n'komwe: akulera ana amasiye, akuswa nkhuni, akuchita ganyu m'minda ya eni ndi m'mimba mopanda kanthu. Amenewa katundu wawo ngwofunika kumuchepetsa, ndipo kuwauza za masewera m'mwezi wa Febuluwale, nkhokwe ili mbee, kungakhale chipongwe. Minofu imamangidwa ndi chakudya. Nandolo amene timalima kuno, nyemba, khobwe, mtedza, matemba, usipa, dzira: izi zifike m'mbale ya agogo, osati msuzi wokha ana atatha kusankha. Muwalandire mtolo wolemera wa nkhuni, koma muwasiyire tsache, kadimba ka masamba, mbuzi zokamangirira, ndi ulendo wa kwa anansi.

Amene ali ndi nyamakazi m'mawondo asaganize kuti iwo apatulidwa. Mfundo zimauma koposa zikangokhala, ndipo kuyenda pang'ono pamalo osalala kumachepetsa ululu. Bondo likatupa ndi kutentha, pumulani, mukaonetse ku chipatala. Kuno ku chigwa cha Shire dzuwa la Okotobala ndi Novembala silisewera, ndipo wokalamba samva ludzu msanga monga mnyamata. Choncho yendani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, mutamwa madzi. Ndodo si chamanyazi. Musanayambe, pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, ndi shuga ngati zipangizo zilipo; ndipo amene ali pa mankhwala asawasiye chifukwa chakuti wayamba kuyenda. Mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, mtima kugunda mosalongosoka, kapena befu wosatha ngakhale mutaima, lekani pomwepo, khalani pamthunzi, ndipo tumani mwana akaitane anthu okuperekezani ku chipatala tsiku lomwelo.