Kodi Kobiri Lakale Lingagule Chitumbuwa?

Ana inu, m'nyumba zambiri za ku Livingstone muli kachitini kosungiramo mabatani, singano ndi makiyi akale. Mukapempha agogo kuti mufufuzemo, mwina mudzapeza kandalama kofiirira kokhala ndi bowo pakati. Kayang'anitsitseni. Mudzaona njovu ziwiri zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo, ina uku ina uku, bowo lili pakati pawo. Limenelo ndi kobiri la m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Kamng'ono kake, ka theka la kobiri, kali ndi akadyamsonga awiri.

Masiku amenewo kobiri lomwelo linkagula ku Livingstone, ku Blantyre ndi ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Munthu ankawoloka mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya osaganizako zosintha ndalama.

Koma masamu ake, abale! Makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Ndiye kuti paundi imodzi inali makobiri 240. Panalinso tiki, ya makobiri atatu, ndi sikisi, ya makobiri 6. Tayesani iyi: mayi akutumani kukagula sopo wa sheleni imodzi ndi makobiri 8, ndipo akupatsani masheleni awiri. Chenji chanu n'chingati? Ngati mwati makobiri awiri, mwawerengera makumi ngati mmene timachitira lero. Yankho ndi makobiri anayi. Agogo anu ankawerenga zimenezi m'mutu, wogulitsa akudikira, ndipo ine ndimawapatsa ulemu kwambiri pa zimenezo.

Zambia italandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, inasula ndalama zakezake, komabe zinali masheleni ndi mapaundi. Kusintha kwakukulu kunabwera pa 16 Januwale 1968, pamene kwacha ndi ngwee zinayamba kugwira ntchito. Ngwee 100 zinapanga kwacha imodzi, paundi inasanduka makwacha awiri, sheleni inasanduka ngwee 10. Mbalame ya mlomo waukulu yomwe inali pa sheleni inaikidwanso pa ndalama ya ngwee 10, choncho anthu sanavutike kuizindikira. Malawi nayo inasiya mapaundi mu 1971, n'kuyamba kwacha ndi tambala.

Tsono mutatenga kobiri la njovu lija kupita nalo kumsika wa Maramba, kodi amayi ogulitsa zitumbuwa angalilandire? Ayi, ndipo musawaone ngati ouma mtima. Kachitsulo kamakhala ndalama chifukwa lamulo la dziko lanena kuti kalandiridwe pogula ndi pobweza ngongole. Ku Zambia, udindo wotulutsa ndalama uli m'manja mwa Bank of Zambia. Bankiyi ikalengeza kuti ndalama yakutiyakuti yatha ntchito, imapereka nthawi yoti anthu akasinthitse. Nthawiyo ikadutsa, basi. Amayi aja atalandira kobiri lanu, sangakagulire ufa kapena mafuta ophikira, chifukwa kumenekonso akalikana. Zoterezi zinachitikanso pa 1 Januwale 2013, pamene K1,000 yakale inasanduka K1.

Komabe kobiri lotha ntchito silotaya. Pali anthu amene amatolera ndalama zakale, ndipo amazigula ndi ndalama za lero. Pafupi ndi mathithi, alendo amagula ndalama yapepala ya ku Zimbabwe ya madola 100 thililiyoni, imene singagulenso ngakhale machesi, chifukwa chongofuna kukaionetsa kwawo. Otolera amayang'ana chaka chimene ndalama inasulidwa, kusowa kwake, ndiponso ngati zithunzi zake zikuonekabe bwino. Makobiri a njovu anasulidwa ambirimbiri, ndiye musayembekezere kulemera nawo. Ubwino wake ndi wakuti mukugwira m'manja mwanu chinthu chimene chinayenda m'misika dziko lanu lisanatchedwe Zambia.

Mukafuna kuyamba kutolera, pemphani kaye, musangotenga. Ndipo chonde musakweche ndalamazo ndi mchenga, phulusa kapena mandimu kuti ziwale. Kukwecha kumafufuta zithunzi, ndipo otolera safuna ndalama yokalikakalika. Igwireni m'mbali, ipukuteni ndi kansalu kouma, kenako iliyonse muiike m'kaenvulopu kake. Pamwamba lembani dzina la dziko, chaka chake, ndi amene anakupatsani. Muzisunge pamalo posafika chinyezi, ndiponso patali ndi ang'ono anu amene amaika chilichonse m'kamwa.