Kamangidwe ka Boti la Pantuni pa Ngolo Yake

Mapiri a Bvumba ali kum'mwera cakum'mawa kwa mzinda wa Mutare, umene kufikira caka ca 1982 unali kuchedwa Umtali. Dzina la mapiriwa litanthauza nkhungu m'cinenero ca Amanyika, ndipo masiku ambiri nkhunguyo imaphimba mseu m'mamawa. Nsonga yaitali koposa, yochedwa Castle Beacon, ipitirira mamita 1,900, pamene mzindawo uli pa mamita ngati 1,100 okha. Pamwambapo palibe nyanja yoti boti nkuyendamo. Cotero munthu wa ku Bvumba amene ali ndi boti ayenera kulikweza pa ngolo ndi kulikoka ndi galimoto kunka kumene kuli madzi: ku damu la Osborne pa mtsinje wa Odzi, kapena ku nyanja ya Chicamba m'dziko la Mozambique kudzera pa cipata ca Forbes, kapenanso ku Kariba, ulendo wa makilomita oposa 600. Kuli konse kumene alinga, ulendo wake uyamba ndi mtsetse wokhotakhota, ndipo pamenepo mpamene padziwika ngati boti linamangidwa bwino kapena ai.

Ambiri akamva mau akuti pantuni amakumbukira cija coolotsa magalimoto pa mitsinje, monga cinali pa Kazungula mlatho usanatsegulidwe mu 2021. Boti la pantuni ndi mng'ono wake wa cimeneco. Liri ndi migolo iwiri yaitali ya aluminiyamu kapena ya citsulo, yotsekeka kuti madzi asalowe, ndipo pamwamba pake pali nsanja, mpanda wa m'mbali, mipando ndi denga la nsaru. Maboti ophera kapenta pa Kariba amapangidwa mwa njira yomweyi. Pa madzi boti lotere silipendekeka msanga. Koma pa mseu limabvuta, pakuti ndi lalitali m'mwamba, lotakata, lopepuka poyerekeza ndi msinkhu wake, ndipo mphepo imalikankha monga ikankhira citseko.

Pali maganizo awiri olakwa amene amagwetsa maboti pa mseu. Oyamba ndi akuti kulemera kwa boti kudzalikhazika pa ngolo. Koma tayala likagwa m'dzenje, ngolo imatsika ndi kukwera msanga, boti nkudumpha, ndipo pa kamphindi kameneko kulemera kwake sikuthandiza kanthu. Aciwiri ndi akuti winchi ikwanira. Winchi ndi cokulungira cingwe cija cimakhala patsogolo pa ngolo, ndipo nchito yake ndi kukoka boti kucokera m'madzi. Coiletsa kubwerera ndi kadzino kamodzi kacitsulo. Kadzinoko kakaguluka ndi kugwedezeka kwa mseu, cingwe conse cimasomboloka. Boti likhoza kusuntha njira zitatu: kutsogolo pamene galimoto iima mwadzidzidzi, kumbuyo pokwera citunda conga ca Christmas Pass, ndiponso m'mwamba kapena cam'mbali pa maenje ndi pokhota. Kumanga kwabwino ndiko kutseka njira zonse zitatu, kuti boti ndi ngolo zikhale thupi limodzi.

Coyamba ndi kukhazika boti pa malo ake. Ngolo za maboti otere ziri za mitundu iwiri. Ina iri ndi matabwa okutidwa ndi nsaru yokhuthala, pamene migolo imagona. Ina ndi yopapatiza, imalowa pakati pa migolo ndi kunyamula nsanja. Yaciwiriyi matayala ake ali moyandikana, cotero imagubuduka msanga pokhota, ndipo siyenera ulendo wautali wa m'mapiri. Boti likhale pakati penipeni pa ngolo, ndipo kutsogolo kwake kukhudze mtanda woimitsira. Kulemera kotsamira pa cokolera ca galimoto kukhale ngati gawo limodzi la magawo khumi a kulemera konse kwa boti ndi ngolo, kapena kucepera pang'ono, koma kosapitirira muyeso umene opanga galimotoyo analola. Boti likakhala kumbuyo kwambiri, ngolo imayamba kupukusa mcira pa liwiro kufikira itakhotetsa galimoto yomwe.

Caciwiri ndi kumanga kutsogolo. Cingwe ca winchi cikungike zolimba. Pambali pa cingweco pakhale unyolo waufupi wocokera pa mphete yacitsulo ya kutsogolo kwa boti kufika pa mtanda wa ngolo, kuti cingwe cikaduka boti lisatsale pa mseu. Pakhalenso lamba wocokera pa mpheteyo kutsikira cakumbuyo ku citsulo ca ngolo. Ameneyu ndiye aletsa boti kulumphira pa galimoto. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuimitsa katundu pa mtunda womwewo imawirikiza kanai, ndipo lamba ameneyu ndiye asenza gawo lalikulu la mphamvuyo.

Cacitatu ndi kumanga kumbuyo, kumene boti limadumpha koposa. Pafunika malamba awiri, wina ku mgolo wa kumanja, wina ku mgolo wa kumanzere, ali yense wokolekedwa pa mphete ya kumapeto kwa mgolo kapena pa citsulo copingasa ca kunsi kwa nsanja, nkutsikira ku ngolo. Kumanga lamba pa mpanda wa m'mbali nkudzinyenga, pakuti mpandawo ndi wopyapyala, umapindika ndipo lamba amatsala wolendewera. Malamba oyenera ndi aja okhala ndi cokungira cacitsulo, onga amene oyendetsa malole amamangira katundu. Mphira wodula ku cubu, uja womangira matumba pa njinga, sayenera konse, cifukwa amatanuka pa nthawi imene afunika kugwira. Pamene lamba akhudza citsulo cakuthwa paikidwe ciguduli kapena cidutswa ca tayala. Lamba akungidwe kufikira boti litaleka kugwedezeka likakankhidwa ndi dzanja, koma asacite kuphwanya mgolo. Kumpota kamodzi kumamletsa kulira ndi kuperepeseka ndi mphepo, ndipo nsonga yotsala imangidwe kuti isakodwe m'tayala.

Cacinai ndi za m'kati mwa boti. Denga la nsaru lipindidwe ndi kumangidwa, pakuti likakhala ciimire mphepo imalinyamula. Mipando yosakhomera, nkhafi ndi mabokosi zilowe m'galimoto kapena zimangidwe. Injini ikwezedwe ndi kucirikizidwa kuti isagunde pansi. Ngati m'migolo munalowa madzi, atulutsidwe ulendo usanayambe. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Madzi a ndowa zisanu za malita 20 ali ngati matumba awiri a cimanga a makilogalamu 50, ogubuduka okha kutsogolo ndi kumbuyo. Munthu, ngakhale mwana wolira cotani, asakwere m'boti pamene likukokedwa.

Cacisanu ndi polumikiza ngolo ku galimoto. Mpira wacitsulo wa kumbuyo kwa galimoto ndi kamwa la ngolo zikhale za muyeso umodzi, umene kawirikawiri ndi mamilimita 50, ndipo cotsekera cake cipanidwe ndi kamsomali. Maunyolo awiri ocinjiriza apingasane kunsi kwa khosi la ngolo, kuti likaguluka ligwere pa iwo, lisalase mseu. Nyali za kumbuyo ziyesedwe, popeza m'nkhungu ndizo zokha zimene wodza pambuyo adzaona. Matayala a ngolo, amene amakhala miyezi osayenda, apimidwe mpweya ndi kupenyedwa ngati ali ndi ming'alu.

Malamba amakhwefuka boti likakhazikika ndi kugwedezeka kwa mseu. Cifukwa cake woyendetsa wanzeru amaima pa malo otakata atayenda makilomita owerengeka oyamba, nakunganso lamba ali yense, ndipo amatero paliponse pamene apuma. Potsika mtsetse wa Bvumba, kapena wa pakati pa Makuti ndi Kariba, alowetse giya yaing'ono asanayambe kutsika, kuti injini ithandize kugwira, pakuti mabuleki opondedwa kosalekeza amatentha nasiya kugwira.

Nchito yomanga boti kawirikawiri imagwera woyendetsa wolembedwa nchito ndi womthandiza wake, mwini boti ali pambali kupenya wochi. Wothandizayo akaona lamba wakutha kapena unyolo wosoweka, anene asananyamuke, ngakhale bwana akhale pa cangu. Akulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. M'mbali mwa mseu wa Bvumba mumayenda ana a sukulu ndi amai osenza nkhuni, ndipo boti logwa pa ngolo lifikira iwowa poyamba. Kumanga kumatenga nthawi yocepa kuposa yophika nsima, ndipo nthawi imeneyo munthu asaiumire.