Makina ozokota a CNC

Makina ozokota a CNC ndi makina amene amadula, kugoba kapena kulemba pa thabwa, pulasitiki, aluminiyamu, mkuwa ndi zinthu zina potsatira malangizo ochokera mu kompyuta. Zilembo za CNC zikuimira mawu a Chingerezi akuti computer numerical control, kutanthauza kuyendetsa makina ndi manambala kudzera pa kompyuta. Makinawa amagwiritsidwa ntchito popanga zikwangwani, mayina a pa zitseko za maofesi, zidindo, mphotho za mipikisano, maluwa a pa mipando ndi zitseko, komanso timatabwa todutsa mawaya ta m'zipangizo zamagetsi.

Makina ang'onoang'ono ambiri a mtunduwu alibe chowauza pamene kampeni kake kafika. Amangowerenga masitepe amene atumiza ku mamota, ndipo amapitiriza ntchito ngati kuti zonse zayenda bwino ngakhale chitsulo china chitamasuka kapena thabwa litasuntha. N'chifukwa chake ubwino wa ntchito yotuluka umadalira kwambiri mmene munthu waikira makinawo ndi mmene akuwasamalira.

Mbiri

Kale, amisiri ankazokota ndi manja kapena ndi makina otchedwa pantograph, amene munthu ankalondola chilembo cha chitsanzo ndi dzanja kwinaku kampeni kakujambula chilembo chomwecho pa chitsulo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, John T. Parsons ndi Frank Stulen, amene ankapanga mapiko a helikopita ku Traverse City m'chigawo cha Michigan ku America, anayamba kugwiritsa ntchito makina owerenga makadi obooledwa kuti apeze manambala a malo odula. Asilikali a ndege a dzikolo anapereka ndalama zopititsira ntchitoyi patsogolo, ndipo mu 1952 sukulu ya ukachenjede ya MIT inaonetsa makina odula zitsulo amene ankawerenga malangizo pa tepi yobooledwa. Patapita zaka, kompyuta inalowa m'malo mwa tepiyo.

Kwa nthawi yaitali makina otere ankapezeka m'mafakitale akuluakulu okha. Zinthu zinasintha pamene zipangizo zamagetsi zinatsika mtengo ndiponso mapulogalamu aulere anayamba kupezeka. Imodzi mwa mapulogalamuwa ndi GRBL, imene Simen Svale Skogsrud wa ku Norway anayamba kulemba mu 2009. Imagwira pa kachipangizo kotchipa ka Arduino, ndipo ndi imene imayendetsa makina ambiri a patebulo, monga otchedwa 3018. Dzinali likuchokera pa kukula kwa malo ozokoterapo, amene ndi masentimita 30 mulitali ndi 18 mulifupi.

Zigawo za makina

Makinawa amayenda mbali zitatu. X ndi kumanja ndi kumanzere, Y ndi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo Z ndi kukwera ndi kutsika. Mbali iliyonse ili ndi njanji zotsetserekapo ndi mota yakeyake. Mota zambiri ndi za mtundu wa stepper, zimene sizizungulira mosalekeza ngati fani koma zimayenda pang'onopang'ono m'masitepe ofanana. Mota yodziwika kwambiri imapanga masitepe 200 kuti izungulire kamodzi. Mphamvu ya mota imafika pa mbali yoyendayo kudzera pa lamba wa mano kapena pa chitsulo chachitali chokhala ndi mizere ngati ya bauti, chimene pa Chingerezi amati lead screw.

Kampeni kozokotera kamazunguliridwa ndi mota ina yotchedwa spindle, ndipo kamagwiridwa ndi kachitsulo kong'ambika m'mbali kotchedwa collet, kamene kamafinya kampeniko nati ikamangidwa. Makina ang'onoang'ono ambiri amakhala ndi collet ya ER11 ndi timipeni ta mamilimita 3.175 kunenepa kwake. Timipeni tilipo ta mitundu ingapo: tosongoka ngati chilembo V ndi tolembera, tophwatalala kunsonga ndi todulira kapena kugoba, ndipo ta nsonga yobulungira ndi tosemera zithunzi zotukuka.

Ulendo wa chithunzi kufika pa thabwa

Ntchito imadutsa m'magawo atatu. Choyamba chithunzi chimajambulidwa mu pulogalamu monga Inkscape, FreeCAD kapena Fusion 360. Kenako pulogalamu ina, mwachitsanzo VCarve kapena Easel, imawerengera njira imene kampeni kadzadutse, kuzama kwake ndi liwiro lake, n'kulemba zonsezo m'chinenero cha G-code. Pomaliza pulogalamu yotumizira monga Candle kapena Universal Gcode Sender imapereka mizere ya G-code ku makina umodziumodzi. Chitsanzo chachifupi ndi ichi:

G21
G90
M3 S10000
G0 X10 Y10 Z5
G1 Z-1 F100
G1 X60 F400
G0 Z5
M5

G21 ikunena kuti muyezo ndi mamilimita, ndipo G90 ikunena kuti manambala onse awerengedwe kuchokera pa ziro. M3 ikuyatsa spindle. G0 ikuthamangitsa kampeni m'mwamba osadula, pamene G1 ikukayendetsa pa liwiro lotchulidwa pambuyo pa F. M5 ikuzimitsa spindle. Zotsatira zake ndi mzere wotalika mamilimita 50, wozama milimita imodzi.

Kumanga ndi kukhazikitsa makina

Makina amafuna tebulo lolimba, losagwedera, pamalo ouma ndiponso podutsa mpweya. Pomanga felemu, mabauti amayamba amangidwa pang'ono chabe mpaka makona onse atakhala sikweya. Njira yosavuta yotsimikizira ndi kuyeza ndi tepi kuchokera pa kona ina kufika pa kona yoyang'anana nayo mopingasa, kenako kuyezanso makona awiri otsalawo. Miyezo iwiriyo ikafanana, felemu yawongoka. Ikasiyana, chilichonse chimene makinawo adzadule chidzapendekeka, ndipo zidutswa zofunika kulumikizana sizidzakumana. Magetsi asanayatsidwe, mbali iliyonse imayendetsedwa ndi dzanja kuchokera kumapeto kufika kumapeto kuti aone ngati pali pogwira.

Pa nkhani ya magetsi, wogula ayenera kuwerenga zolembedwa pa bokosi lopatsa mphamvu. Ku America magetsi a m'nyumba ndi 120 V, pamene ku Malawi, Zambia ndi Britain ndi 230 V, ndipo chipangizo chopangira magetsi ochepa chimapsa chikalumikizidwa ku magetsi ochuluka. Waya wa earth sayenera kusiyidwa. Mawaya a mota ya stepper sazulidwa makina ali oyaka chifukwa kutero kumaotcha kachipangizo koyendetsa motayo.

Chotsatira ndi kuuza makina kuchuluka kwa masitepe opanga milimita imodzi. Ngati mota ili ndi masitepe 200, sitepe iliyonse n'kugawidwanso ka 16, ndiye kuti kuzungulira kumodzi ndi timasitepe 3,200. Ngati lead screw imasuntha mamilimita 4 ikazungulira kamodzi, milimita imodzi ndi timasitepe 800. Mu GRBL manambalawa amasungidwa pa $100, $101 ndi $102, kuimira X, Y ndi Z. Poyesa, makina amauzidwa kuyenda mamilimita 100 ndipo mtunda umene ayenda umayezedwa. Akayenda 50 kapena 200, nambala ndiyo yalakwika. Akaperewera pang'ono, ndipo kuperewerako n'kumasintha ulendo uliwonse, vuto silili mu nambala koma pali chinthu chimene chikuterereka kapena kugwira.

Pamwamba pa tebulo la makina pamaikidwa thabwa lotetezera, kawirikawiri la MDF, kuti kampeni kakaboola kasagunde chitsulo. Thabwali limapalidwa ndi makina omwewo kuti pamwamba pake pagwirizane ndi mmene X ndi Y zikuyendera. Zimenezi n'zofunika kwambiri polemba ndi kampeni ka V. Kampeni ka madigiri 90 kamasiya mzere umene m'lifupi mwake ndi kuwirikiza kawiri kuzama kwake, choncho thabwa likakwera theka la milimita mbali imodzi, zilembo za mbali imeneyo zimanenepa ndi milimita yathunthu.

Kukonzekera ntchito iliyonse

Chozokotedwacho chimapanidwa ndi zopanira, kumangidwa ndi misomali yopota kapena kumatidwa ndi tepi yomata mbali zonse. Zopanira zimaikidwa kutali ndi njira ya kampeni. Poika kampeni, collet imayamba yalowetsedwa mu nati mpaka italira, kenako kampeni n'kulowa, ndipo kamatuluka kunja pang'ono pokha pokwanira ntchitoyo, chifukwa kampeni kotuluka kwambiri kamanjenjemera ndi kuthyoka msanga.

Kenako makina amauzidwa pamene pali ziro. Ziro wa X ndi Y amakhala pa kona kapena pakati pa thabwa, malinga ndi zimene zinasankhidwa mu pulogalamu. Ziro wa Z amapezeka potsitsa kampeni pang'onopang'ono pa pepala loikidwa pa thabwa mpaka pepalalo litayamba kugwira, kapena pogwiritsa ntchito kachitsulo kolumikizidwa ndi waya kamene kamaimitsa makina nsonga ikakakhudza. Kampeni kakasinthidwa, ziro wa Z amayezedwanso. Ntchito yatsopano imayamba yayendetsedwa m'mwamba osakhudza thabwa kuti zolakwika zioneke zisanawononge kanthu.

Liwiro loyenda limawerengedwa pochulukitsa zinthu zitatu: maulendo amene spindle imazungulira pa mphindi, chiwerengero cha mano a kampeni, ndi kukula kwa kachidutswa kamene dzino lililonse liyenera kuchotsa. Mwachitsanzo, maulendo 10,000, mano 2 ndi mamilimita 0.03 zikupereka mamilimita 600 pa mphindi. Ongoyamba kumene ambiri amayesa kuti kuyenda pang'onopang'ono kumateteza kampeni, koma liwiro likachepa kwambiri kampeni kamangokhula m'malo modula. Pamenepo kamatentha ndi kubuntha, thabwa limapserera ndipo pulasitiki imasungunuka n'kumatirira. Pa makina ofooka ndi bwino kuchepetsa kuzama n'kudutsa kangapo.

Kasamalidwe

Mdani wamkulu wa makinawa ndi utuchi. Pambuyo pa ntchito iliyonse, njanji, malamba ndi lead screw zimatsukidwa ndi burashi kapena makina okoka fumbi. Kupemerera ndi mpweya wamphamvu kumangokankhira fumbi mkati mwa zigawo zoyenda. Tizidutswa ta aluminiyamu ndi mkuwa timadutsa magetsi, motero tikagwera pa kachipangizo koyendetsa makina tikhoza kukaotcha. Collet nayo imapukutidwa, chifukwa kafumbi kochepa mkati mwake kamachititsa kampeni kuzungulira mopendekeka.

Zigawo zoyenda zimafuna mafuta, koma girizi wambiri pa lead screw yosaphimbidwa amasakanikirana ndi utuchi n'kukhala phala lolimba. Ambiri amasankha mafuta ouma a PTFE pamalo otere, ndipo girizi amamusiyira zigawo zimene wopanga makina wanena. Nyengo ya mvula, zitsulo zosapentedwa zimachita dzimbiri msanga, choncho zimapukutidwa ndi kansalu ka oilo pang'ono ndipo makina amaphimbidwa.

Kunjenjemera kumamasula mabauti pakapita nthawi. Ofunika kuwayang'ana kawirikawiri ndi timabauti ting'onoting'ono tolumikiza mota ku lead screw kapena ku gudumu la lamba. Lamba sayenera kulendewera, komanso akakungika mopitirira amawononga mota. Nati yoyenda pa lead screw ikatha, pamakhala kugwedera pamene makina akubwerera m'mbuyo, ndipo imafunika kumangidwanso kapena kusinthidwa. Pa spindle yoziziritsidwa ndi madzi, pampu imayatsidwa ndi kuonedwa kuti madzi akuyenda spindle isanayambe. Manambala onse a GRBL amaoneka polemba $$, ndipo ndi nzeru kuwasunga pa fayilo kapena mu kope.

Mavuto ofala ndi magwero ake

Chozungulira chikatuluka ngati dzira, kawirikawiri pali kugwedera, lamba womasuka kapena nambala ya masitepe yolakwika pa mbali imodzi. Chithunzi chikasuntha mwadzidzidzi pakati pa ntchito n'kupitirira pamalo ena, mota yadumpha masitepe chifukwa cholemedwa, kutentha kapena kugwidwa ndi utuchi. Zilembo zikamazamirazamira, kampeni kakutsetsereka mu collet. M'mbali mwa zilembo mukakhala ubweya, kampeni kabuntha. Makina akaima okha n'kusiya kulankhulana ndi kompyuta, gwero limakhala waya wa USB wosalimba, kusokoneza kwa magetsi a spindle, kapena kompyuta yagona.

Kumadera kumene magetsi amazimazima, ntchito ya maola angapo ikhoza kuima pakati, ndipo makina amaiwala pamene anali. Makina okhala ndi timaswitchi ta kumapeto kwa njanji amatha kubwerera pa malo awo oyambira ndi lamulo la $H, n'kupezanso ziro wa ntchitoyo malinga thabwa silinachotsedwe. Makina otchipa ena amabwera opanda timaswitchiti, koma timagulidwa padera n'kuikidwa.

Chitetezo

Mu 1995 bungwe la IARC, limene lili pansi pa World Health Organization, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa kwa anthu. Fumbi la MDF ndi losalala kwambiri ndipo lili ndi guluu wa mankhwala, choncho masiki oyenera ndi makina okoka fumbi n'zofunika. Maso amatetezedwa ndi magalasi chifukwa kampeni kakathyoka kamauluka, ndipo makutu amatetezedwa ku phokoso. Magolovesi, malaya a manja olendewera ndi tsitsi losamanga zikhoza kukokedwa ndi spindle. Makina sasiyidwa okha akugwira ntchito, popeza kampeni kokhula mu utuchi kakhoza kuyambitsa moto, ndipo batani loimitsira mwadzidzidzi limakhala pamalo ofikirika ndi dzanja. Makina ena amalola kuika laser m'malo mwa spindle. Zikatero pamafunika magalasi ogwirizana ndi kuwala kwa laser imeneyo, ndipo pulasitiki ya PVC siotchedwa nayo chifukwa imatulutsa mpweya woopsa umene umawononga mapapo ndiponso kudya zitsulo za makina.